Mwana Akatsiriza Samu Anzake Asanayambe

Tonsefe amene timaponda fumbi la pano pa Chirunga tidabwera ndi mawu amodzi: kusankhidwa. Tidasankhidwa titalemba mayeso a Sitandade 8, tidasankhidwanso titalemba a Fomu 4, ndipo tsiku limene maina adatuluka kumudzi kudamveka nthungululu, nkhuku zina n'kutaya mitu. Mawuwa tidawazolowera kwambiri moti sitifunsanso ngati pali china chimene dziko lingachite ndi mwana wa mutu wakuthwa kupatula kumudikira kuti akule, kumuika pa sefa, ndi kumunyamula kupita naye kutali. Funso langa lili pa zaka 8 zimene mwanayo amakhala ku pulayimale sefa isanafike. Kodi m'zaka zimenezo timamupatsa chiyani?

Kwathu ndi ku Machinga, kum'mawa kwa Liwonde, njira yopita ku Ntaja. Monga ana onse a msinkhu wanga, ndidalowa sukulu popanda kulipira fizi, pakuti mu 1994 boma la a Bakili Muluzi, amenenso kwawo ndi ku Machinga komweko, lidachotsa fizi ya ku pulayimale. Chaka chimenecho chiwerengero cha ana a sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapondeko ku koleji ya zauphunzitsi. Chidali chinthu chabwino, ndipo popanda icho bwenzi ine pano ndikupalasa kabaza pa Liwonde. Koma kuyambira pamenepo kalasi ya kumudzi sidapumepo. Ife mu Sitandade 2 tinkadzaza chipinda mpaka pakhomo, otsala n'kukhala kunja pa fumbi kumamvera mawu a aphunzitsi kudzera pa zenera.

Mphunzitsi amene wayang'anizana ndi ana oposa 100 amachita chimene munthu aliyense angachite: amaphunzitsa a pakati. Wotsalira amabwereza kalasi, ndipo za iye timamva kawirikawiri m'misonkhano ndi pa wailesi. Koma pali wina amene satchulidwa, chifukwa amaoneka ngati alibe vuto. Ndikunena uja amene amatsiriza samu anzake asanasongole pensulo. Mphindi 3 watha, belu likadali kutali. Mphindi zotsalazo mukaziphatikiza tsiku ndi tsiku kwa zaka 8, ndi munda waukulu wachonde umene timausiya tsala.

Zimene timachita naye nonse mukuzidziwa, pakuti ambiri a inu zidakuchitikirani. Timamuika umonitala kuti azilemba maina a olongolola. Timamupatsa choko kuti azikopera notsi pa bolodi aphunzitsi ali ku ofesi. Timamuchongetsa makope a anzake, ndipo ngati ali mtsikana timamutuma kukatunga madzi a ku nyumba ya aphunzitsi, popeza iyeyo ngakhale aphonye phunziro sangalephere. Akatopa nazo n'kuyamba kufunsa mafunso amene mulibe m'buku, timati ngwamatama, ndipo chikwanje chotchetchera udzu chimamudikira kuseri kwa zimbudzi. Akafika Sitandade 7 ndi 8 ndiye timamukumbukira. Timamudzutsa m'bandakucha, kumukhutitsa mapepala a mayeso akale, ndipo akapanda kusankhidwira ku sekondale yogonera komweko timamuuza kuti abwereze, ameze kachiwiri zimene adameza kale.

Dziko lathu lidayesapo kuyankha funso la mwana wotereyu, ndipo lidayankha mokweza mawu. Mu November 1981 Dr Hastings Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye adaphunzirirapo kuwerenga ali mwana. Ana ochepa okhoza kwambiri ankatengedwa m'boma lililonse, naphunzira ulere. Aphunzitsi ankachokera ku Mangalande, Chilatini ndi Chigiriki zidali zosathawika, ndipo atolankhani akunja adaitcha sukuluyo Eton ya mu Africa. Ulamuliro utasintha mu 1994 ndalama zidauma, sukulu n'kuyamba kudalira makolo otha kulipira. Sindikunyoza amene adaphunzira kumeneko. Ena ndi madokotala amene akutichiritsa lero. Ndikungoti maganizo amene adamanga Mtunthama ndi omwewo amene timayendera mpaka pano: nzeru ndi mbewu yosowa, uipeze, uizule, ukaibzale mkati mwa mpanda.

M'boma lomwelo la Kasungu, ku Wimbe, kudali mnyamata amene sefa idamudutsitsa pansi. William Kamkwamba sadakhoze mayeso a Sitandade 8 mokwanira kupita ku sukulu yogonera komweko, ndipo ngakhale ku sekondale yoyendera kumene adamutumiza adasiyira panjira, njala ya 2001 ndi 2002 itatha ndalama za makolo ake. Chimene chidamutola ndi kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale. M'menemo adapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo ngakhale Chingerezi chinkamuvuta, zithunzi adazimva. Ali ndi zaka 14 adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakutha, chipupizo cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi milongoti ya bulugama. Mu 2007 adakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 adatsiriza maphunziro ku Dartmouth College. Timakonda kusimba nkhaniyi ngati chozizwitsa. Ine ndimaiona ngati chidzudzulo: shelefu ya mabuku idachita zimene mayeso adalephera.

Sefa kuphonya si vuto la Amalawi okha. Mu 1921 katswiri wa maganizo a anthu wa ku Stanford University, Lewis Terman, adayesa ana a sukulu a ku California, nasankha pafupifupi 1,500 amene mayeso ake adati ndiwo anzeru koposa, kuti awatsate moyo wawo wonse. Ambiri adachita bwino ndithu. Koma mwa ana amene adayesedwa n'kusiyidwa mudali awiri, William Shockley ndi Luis Alvarez, amene adadzalandira mphoto ya Nobel pa fizikisi, wina mu 1956 wina mu 1968. Mwa osankhidwa aja palibe adailandira. Ngati sefa ya anthu amene adali ndi ndalama, nthawi ndi chilankhulo chimodzi idali ndi mabowo otere, nanga yathuyi?

Ndatchula chilankhulo dala, chifukwa ku Machinga ndiye bowo lalikulu. Mwana wa kwathu amadzuka ndi Chiyao, amafika ku sukulu kumupatsa moni m'Chichewa, masana amapita ku madrasa kukawerenga zilembo za Chiarabu, ndipo tsiku la mayeso a Sitandade 8 mapepala onse, kupatula la Chichewa, amamufunsa m'Chingerezi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha makolo awo, koma mabuku a Chiyao sadatifike. Mu 2014 kudabwera chilengezo china, choti Chingerezi chiziyamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira Sitandade 1. Choncho mwana amene akusenza zilankhulo zinayi pamutu asanakwanitse zaka 10 amatha kulembedwa pa lipoti kuti mutu wake ndi wouma.

Mmodzi wa ana otere adali mnzanga amene tinkakhala naye mzere umodzi, mwana wa msodzi wa ku nyanja ya Chilwa. Pa mayeso a teremu ankakhala cha pakati, nthawi zina kumunsi, chifukwa cha Chingerezi. Palibe amene akadamutchula pofunsidwa za ana anzeru a m'kalasi mwathu. Ine ndinkatchulidwa, ndipo umonitala ndidaudya zaka zitatu.

Tili mu Sitandade 6, chakumapeto kwa 2014, kudabwera Madamu wina wongotuluka kumene ku koleji. Tsiku lina mvula yoyamba ili pafupi adabweretsa zitini ziwiri zopanda kanthu, chachikulu cha penti ndi chaching'ono cha mkaka, zonse zoongoka m'mbali. Adati amene akufuna atsalire tikaweruka; sadatchule maina, sadayang'ane m'buku la malikisi. Tidatsalira ana ngati 12. Tidakhazika zitinizo pa zitsa pakati pa bwalo, kutali ndi mitengo ndi denga, ndipo ntchito yathu idali kuviika rula m'mawa uliwonse, kulemba kuya kwa madzi m'kope, ndi kukhuthula. Mvula isanagwe Madamu adatifunsa kuti ndi chitini chiti chimene chidzaonetse mvula yambiri. Tonse tidati chachikulu. Itagwa, rula idaonetsa chimodzimodzi m'zitini zonse ziwiri.

Ife akatswiri a kalasi tidati mwina wina wataya madzi. Mnzanga uja adakhala chete akuzunguza chitini m'manja, kenaka adayankhula, poyamba m'Chiyao kwa ife, kenaka m'Chichewa kwa Madamu.

"Madamu, chachikuluchi kamwa lake ndi lalikulu, chimamwa yambiri. Koma mimba yakenso ndi yaikulu, ndiye madzi amamwazikana. Zimathera pamodzi."

"Nanga tikaika ndowa?" adafunsa Madamu.

"Ndowa ndi yabodza, Madamu. Kukamwa n'kotambalala, pansi n'popanikizika. Idzatinamiza kuti mvula yachuluka."

Palibe adamuphunzitsa zimenezo, ndipo panalibe mayeso amene akadamufunsa. Madamu adangomuonjezera mfundo imodzi: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi ake ndi lita imodzi. Mawa lake tidamupeza akuyeza buloko yathu ndi chingwe. Denga lidali pafupifupi mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi. Adawerengera pa dothi kuti mvula ya mamilimita 10 imagwetsa malita 1,600 pa dengalo, ndiye kuti zidebe 80 za malita 20. Adaimirira akupukuta manja pa kabudula.

"Ndiye tikutaya zidebe 80 usiku umodzi, Madamu, pamene atsikana akukanganirana pa mjigo?"

Mu January 2015 kudagwa mvula imene aliyense wa kuchigawo chakumwera akuikumbukira. Pa 13 mwezi umenewo Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi ya madzi osefukira, Machinga ndi Balaka ali momwemo. Kachitini ka mkaka kadayamba kusefukira usiku, ndipo mnzanga uja, poona kuti kope likhala ndi mabodza, adayamba kubwera kawiri, madzulo ndi m'mamawa, atafunda thumba la feteleza. Chaka chotsatira Madamu adali atasamutsidwa, koma iye adapitiriza yekha. Chimenecho chidali chaka cha chilala, chimene chidachititsa boma kulengezanso za ngozi mu April 2016. Kope lija lidali ndi zaka ziwiri zoyang'anizana, china chonyowa china chouma, ndipo akuluakulu odutsa pa sukulu popita ku dimba ankaima n'kufunsa kuti, "Ana inu, chitini chanu chikuti bwanji lero?" Sindidaonepo ntchito ina ya sukulu imene munthu wa ndevu adaimirira kuifunsa.

Nditafika kuno ndidadzamva kuti zimene Madamu adachita zili ndi eni ake m'mabuku. Mu 1977 Joseph Renzulli wa ku University of Connecticut adalongosola njira ya magawo atatu yolemeretsa maphunziro a ana. Choyamba, onetsa ana onse zinthu zatsopano zimene mulibe m'silabasi. Chachiwiri, aphunzitse kagwiridwe kake: kuyeza, kufunsa, kulemba zimene aona. Chachitatu, amene wagwidwa mtima musiye afufuze vuto lenileni, ndipo zimene wapeza akazionetse kwa anthu enieni amene zikuwakhudza. Renzulli ankatinso mphatso imaonekera pamene zinthu zitatu zakumana: nzeru zoposera pang'ono, luso lotulukira zatsopano, ndi khama losasiya ntchito panjira. Ziwiri zomalizazo pepala la mayeso la maola awiri silingazione. Zimaoneka pa mwana wofunda thumba la feteleza m'mamawa.

Koma sitikusowa kupita ku Connecticut kuti tikhulupirire. Tingowoloka Shire pa Liwonde n'kulowa ku Balaka, dera limene lidali mbali ya boma la Machinga mpaka 1998, kumene ine ndinkapita kwa amalume nthawi ya holide. Mu 1978, pa parishi ya Akatolika ya pa Balaka, Paul Banda ndi anyamata anzake achichepere adayamba gulu loimba, ndipo wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, adawapezera zida ndi malo. Gululo ndi Alleluya Band. Mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, wobadwa mu 1970, adakulira m'menemo, ndipo pamene ankamwalira mu June 2024 dziko lonse lidalira. M'gulu lomwelo mudadutsanso Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo, ndipo kwa zaka zambiri mawu oti "nyimbo za ku Balaka" adali ngati dzina la mtundu wa nyimbo. Kodi madzi a ku Balaka ali ndi mankhwala a maimbidwe amene ku Ntcheu kapena ku Nsanama kulibe? Anyamata opanga banjo ya chigubu ali paliponse. Chimene Balaka idali nacho ndi munthu wamkulu amene adatenga masewera a ana ngati ntchito, nawapatsa chida chenicheni ndi anthu oti awamvere. Anawo sadazulidwe, adakulira pomwepo, ndipo tauni yonse idakula nawo.

Ndikudziwa zimene anzanga a ku maphunziro a zauphunzitsi anene. Adzati dziko limene ana ambiri amafika Sitandade 4 asanathe kuwerenga bwino lilibe nthawi yosasatitsa ochenjera kale. Adzatinso mphunzitsi wa ana 100, amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, tisamusenzetse katundu wina. Mfundo zonse ziwiri ndi zolemera. Koma taonani mtengo wa zimene ndasimbazi: zitini ziwiri zotayidwa, rula, kope, ndi theka la ola pa sabata. Taonaninso kuti khomo lidali lotsegukira aliyense. Sipadali kagulu ka ana apamwamba kovala baji. Ntchito ndiyo idasankha mwana, ndipo idasankha amene malikisi adamubisa. Njira yotereyi siilanda wotsalira kanthu; nthawi zina imaulula kuti amene timamuyesa wotsalira adangotsekeredwa ndi chilankhulo.

Ena adzaloza matabuleti. Kuyambira 2023 boma, pamodzi ndi mabungwe monga onebillion, VSO ndi Imagine Worldwide, lidayamba kufalitsa m'sukulu za pulayimale pulogalamu ya BEFIT, imene mwana amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti molingana ndi liwiro lake. Ndi chinthu chothandiza, pakuti wofulumira sadikiranso anzake. Komabe tabuleti imamuthamangitsa mwana pa msewu umene wina adalambula kale. Siingamutume kukayeza denga, ndipo palibe gogo amene adzaime panjira kufunsa kuti tabuleti ikuti bwanji lero.

Mafunso oti ana afufuze ali mbwee m'maboma awiriwa, akungodikira wowatola. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, mu 2018 n'kutsala pang'ono. Ana a m'mphepete mwake angathe kukhoma zikhomo pa gombe, kumayeza mwezi ndi mwezi, ndi kufunsa agogo awo kumene madzi ankafika kale. Mu 2017 mtengo wa nandolo udagwa dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, ndipo mabanja a ku Machinga ndi ku Balaka adalira nawo; mwana wa Sitandade 7 amene angalembe mitengo ya pa msika wa Ntaja kapena wa Ulongwe sabata ndi sabata angaphunzire za chuma kuposa zimene ena a ife timaloweza pano. Pa Nkaya njanji yochokera ku Moatize imakumana ndi yathu popita ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala; ana amawerenga kale mabogi a malasha pongosewera, kwatsala n'kuwafunsa kuti malashawo akupita kuti, ndipo n'chifukwa chiyani. Ndipo pali nthano ndi miyambi ya Chiyao imene ikupita kumanda ndi eni ake, pamene ana odziwa kulemba zilembo za mitundu iwiri akungokhala. Kabuku ka masamba 10 kolembedwa ndi ana, kosokedwa ndi ulusi, kangakhale buku loyamba la Chiyao limene sukulu yawo idaonapo.

Mnzanga uja adalemba mayeso a Sitandade 8 pamodzi nane mu 2017. Dzina langa lidatuluka, lake ayi. Adapita ku Chilwa kukathandiza bambo ake kupha matemba, ndipo nyanja itayamba kuthawa chaka chotsatira adachita zimene anyamata ambiri a kwathu amachita: adakwera basi ya ku Joni. Lero amakonza mafoni pa kashopu ka munthu wina ku Johannesburg, ntchito imene adaiphunzira pongoyang'ana. Sindinena kuti zitini ziwiri zikadamufikitsa pa yunivesite. Umphawi ndi Chingerezi zidali zazikulu kuposa chitini. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'zaka 8 za ku pulayimale adapatsidwa ntchito yolingana ndi mutu wake kamodzi kokha, ndipo kamodziko kadangochitika mwamwayi, chifukwa Madamu wina adatola zitini pa dzala. Akanditumizira uthenga pa WhatsApp mwezi wa December, asanafunse za anthu, amafunsa ngati yagwa, ndipo ngati yagwa, mamilimita angati.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mwambiwu timaukonda polangiza ana osamva. Ukhudzanso mwana womva msanga. Kwa aphunzitsi athu amene mumasula aphunzitsi a mawa, pempho langa ndi lakuti pakati pa maphunziro a kasamalidwe ka mwana wotsalira muikepo ola limodzi la mwana wotsogola, ndipo mayeso ake akhale kupeza funso limodzi la m'mudzi limene ana angafufuze popanda ndalama. Kwa ife ophunzira, holide ikubwerayi ndi yaitali, ndipo sukulu zimene zidatitulutsa zili pomwe tidazisiya. Ahedi sangakane munthu wa ku yunivesite amene wapempha ola limodzi Lachisanu masana. Tikapita tisakafunse kuti nambala wani ndani. Tikaike chitini pa chitsa, tinene kuti wofuna atsalire, kenaka tidikire kuona amene adzabwere mvula ikugwa.